Polishi wa Makandulo ndi Chifuwa cha Bambo Anu

Ana anga, Chisomo ndi Madalitso, mwakhala mukundikakamiza kuti ndilembe za ntchito yanga poti tsopano ndangokhala pakhomo. Za kuubwana ndazidumpha, palibe chimene mungatolepo. Ndiyambira tsiku limene ndinagwira chikolopo cha pantchito koyamba, chifukwa nkhani imene imandizunguza mutu mpaka lero inayambira pomwepo. Musayembekezere kuti pomaliza ndikuuzani amene analakwa. Ineyo sindikudziwa.

Chaka chimene Chisomo anayamba sukulu

Ntchito yoyamba ndinaipeza pa kachipatala ka munthu wamba kamene kanali kuseri kwa msika wa Mitundu. Sindikunena chipatala chachikulu chija ayi. Aka kanali ka zipinda zochepa, ndipo kanatsekedwa kalekale. Woyang'anira anali a Sisitala Nyirongo, mayi wamtali wochokera kumpoto, wosaseka wamba. Tsiku loyamba anandipatsa yunifolomu yobiriwira, ndowa ziwiri, bulashi ndi chigubu cha klorini, kenako anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nati: "Nachisale, muno mankhwala oyamba ndi inu. Dokotala amabwera pambuyo." Abale inu, mawu amenewo anandilowa mpaka m'mafupa. Ine amene sukulu ndinalekera panjira, lero ndikhale mankhwala oyamba! Tsiku limenelo ndinabwerera kunyumba osavula yunifolomu, kuti anthu a pamsika andione.

A Sisitala ntchito ankayendera ndi mphuno. Akafika pa chipinda ankaima pakhomo, kukoka mpweya, ndipo fungo la mankhwala likapanda kuwalasa ankati, "Muno simunakolope." Ndikati ndakolopa, iwo ankangoloza ndowa. Ndiye ndinaphunzira msanga. Pamene pankafunika kachivindikiro kamodzi ka klorini ine ndinkathira mosayeza, mpaka maso kulengeza misozi. Manja anga anang'ambikang'ambika, koma ndinkati ndi mmene amaonekera manja a munthu wogwira ntchito.

Musaganize kuti zinali zachabe. Dzinja lina kunagwa matenda otsekula m'mimba, anthu ankabwera nawo pangolo ndi panjinga, ena kugonekedwa pakhonde chifukwa malo anachepa. Ine ndinkakolopa masanzi ndi zina zosatchulika kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kutsuka mabeseni, kukwecha zimbudzi. Mwa ife ogwira ntchito palibe amene anatenga matendawo. Zitatha, a Sisitala ananena pamaso pa onse kuti, "Tithokoze Mulungu ndi chikolopo cha Nachisale." Zimenezi ndinaziona ndi maso anga, ndipo palibe amene angandiuze kuti klorini uja sanapulumutse anthu.

Vuto la pakachipatalako linali kusowa kwa zipangizo. Mwini wake ankakhala m'tauni, ndipo sopo akatha ankatha ndithu. Polishi wa pansi ndiye ankasowa miyezi. Koma pansi panali pa simenti yofiira, ndipo a Sisitala ankafuna kuti aziona nkhope yawo akamayenda. Iwo omwewo ndiwo anandiphunzitsa njira. Umatenga makandulo, kuwathyolathyola m'chitini, kuteleka pa mbaula mpaka asungunuke. Ukaphula, umathiramo parafini ndi ufa wofiira uja amasakaniza ndi simenti, kutakasa, kudikira kuti zigwirane. Kenako umagwada, kupaka ndi kansanza, ndipo zikauma umaponda chibulangete chakale n'kumavina nacho chipinda chonse. Pansi pankawala, fungo lake n'kumamveka mpaka kumsewu. Odwala akalowa ankati, "Koma muno ndi mwaukhondo!" Ine ndinkamva kukoma.

Chaka chimene tinaika simenti m'nyumba

Bambo anu mukuwadziwa, koma pali zina zimene simukuzidziwa poti munali ana. Kwawo kunali kumudzi wina kufupi ndi Nathenje, ndipo kuno anabwera monga mkamwini, kudzamanga pa malo a kwathu. Tisanakwatirane ndiponso zaka zingapo pambuyo pake anali tenanti pa esiteti ya fodya. Nyengo yosankha fodya ankakhala m'chigafa tsiku lonse, kutuluka ali mbuu, fumbi mpaka m'zikope. Kachifuwa anali nako kuyambira pamenepo, ka apo ndi apo, kosadetsa nkhawa.

Titaika simenti ndi magalasi m'mazenera, ntchito ija ndinabwera nayo kunyumba. Nanga munthu woyeretsa chipatala angakhale m'nyumba ya fumbi? Ndinaika malamulo. Nsapato zitsale pakhomo. Mazenera asatsegulidwe, makamaka nyengo ya mphepo ndi yotentha, pamene fumbi la pamsewu limalowa paliponse. Klorini m'madzi okolopera tsiku lililonse. Loweruka linali tsiku la polishi, ndipo inu nomwe mukukumbuka mmene munkaterereka ndi masokosi pabalaza ine ndikukalipa. Nyumba yathu inatchuka. Kumpingo kukabwera alendo, akuluakulu ankati, "Akagone kwa Nachisale." Azimayi ankabwera kudzandifunsa kasakanizidwe kake, ine n'kumawaphunzitsa mokondwa.

Bambo anu ankangondiseka. "Make Chisomo," ankatero, "muno ngakhale ntchentche imayamba yaodira isanalowe." Koma chifuwa chija chinayamba kukula. Ankatsokomola mpaka kugwira khoma, mpweya n'kumalira m'khosi. Tonse tinkati ndi fodya uja. Ine m'mutu mwanga munali chinthu chimodzi: mdani wa chifuwa ndi fumbi ndi uve. Ndiye iwo akatsokomola, ine ndinkawonjezera. Ndinkatseka ming'alu ya mazenera ndi nsanza, ndinkakolopa kuchipinda kawiri patsiku, polishi ndinayamba kupaka ndi Lachitatu lomwe, ngakhale kunsi kwa bedi. Ndinkachita zimenezi chifukwa chowakonda. Lembani zimenezi pamtima, chifukwa kutsogoloku mwina mudzandiweruza.

Chaka chimene kachipatala kanatsekedwa

Kachipatala katatsekedwa, a Sisitala anabwerera kwawo, ine ndinalembedwa ndi kampani ina yoyeretsa m'maofesi. Anandiika ku Nathenje, pa maofesi ndi nyumba zosungiramo mbewu, ndipo lole inkatinyamula m'mawa uliwonse. Kapitawo wathu anali Mayi Mwale, wamng'ono kwa ine, wolankhula mofatsa mpaka kukutopetsa.

Tsiku lachiwiri ndinati ndiwaonetse kuti alemba katswiri. Ndinanyamula chitini changa cha polishi, ndipo iwo asanafike ndinali nditapaka kale theka la ofesi ya alembi, mazenera ali chitsekere kuti fumbi lisagwere. Atalowa anaima pakhomo ngati mmene ankaimira a Sisitala, ine n'kumati eya, akumva. Koma iwo anathamangira kutsegula mazenera onse.

"Mayi Nachisale, chimenechi n'chiyani?"

"Polishi. Ndimapanga ndekha."

"Muli parafini?"

"Nanga angawale bwanji wopanda parafini?"

Anandikhazika pansi pa benchi panja, nayamba kundiuza kuti mu ofesimo muli mlembi wodwala mphumu, ndipo akapuma zimenezo abanika. Anati klorini amayezedwa, sathira ndi maso, ndipo malo ake ndi kuchimbudzi ndi pamene pagwera zonyansa, osati paliponse. Anati osasakaniza mankhwala oyeretsera, osasesa pouma, kuvala magolovesi, kutsegula mazenera. Pomaliza anati, "Chinthu chikayera sichinunkha kanthu, mayi. Mukamva fungo, ndiye kuti mukupuma mankhwalawo."

Ndinapsa mtima, sindinama. Mumtima ndinati, mwana wadzulodzuloyu akundiphunzitsa ine kukolopa? Anali kuti pamene ine ndinkakwecha zimbudzi za odwala m'mimba? Ndinayankha kuti, "Kuchipatala anandiphunzitsa kuti fungo likapanda kumveka ndiye kuti sunakolope. Tsono wonama ndani, inu kapena a Sisitala?" Iwo anangoti, "Kuchipatala ndi kwina, kuno ndi kwina, komanso kuchipatalako muyeso ulipo." Ine sindinamvetse. Ntchito ndinkaifuna, choncho ku Nathenje ndinkachita zawo. Koma ndikatsika lole madzulo, nyumba inali yanga, ndipo Loweruka mbaula inkayaka monga mwa nthawi zonse.

Chaka chimene tinamanga chiliza cha apongozi anga

Pokonzekera chiliza cha agogo anu, bambo anu anapita kumudzi kwawo kuti akathandize, nakafikira kwa mlongo wawo, alamu anga a Naphiri. Anati akhalako sabata imodzi. Chiliza chinamangidwa, tonse tinapita, tinabwerako, iwo anati atsale kaye. Sabata yachiwiri inatha. Yachitatu inatha. Pafoni ankangoti, "Ndibwera, Make Chisomo, ndibwera." Inu mukudziwa tanthauzo lake mkamwini akabwerera kwawo osabwerako. Kuchigayo azimayi ankasiya kulankhula ndikafika. Amalume anga, amene anali ankhoswe athu, anabwera kudzandifunsa kuti, "Kodi mwayambana chiyani?" Sitinayambane, ngakhale pang'ono.

Tsiku lina nditaweruka sindinakwere lole. Ndinayenda wapansi mpaka kumudziko, ndikuganiza kuti ndikapeza mkazi wina. Ndinawapeza ali pakhonde, akusema mpini wa khasu, akuimba kanyimbo ka kutchalitchi. Akuimba! Munthu amene kunyumba sankamaliza chiganizo osatsokomola. Ndinayang'ana nyumbayo. Yofolera ndi udzu, pansi pozira ndi dothi, mazenera ake mabowo chabe opanda galasi, nkhuku zikulowa ndi kutuluka. Kunena zoona, ine mwana wanga sindikanamugoneka mmenemo.

A Naphiri anandiyalira mphasa, tinalonjerana bwinobwino. Kenako anati, "Alamu, achimwene anga kuno akugona tulo mpaka kucha. Akudya. Dzulo anapita okha kudimba. Tsono ine ndingofunsa, musakwiye. Kwanuko mumawaikira chiyani?"

Mukuwamva mawuwo? Pa Chichewa funso limenelo si la mchere ayi. Ndinaimirira. "Alamu, mukuti ine ndikuwadyetsa mankhwala amuna anga? Ine? Nyumba yanga imagona abusa! Bwerani mudzaone ngati mungapezemo ngakhale kangaude!"

Bambo anu anaika mpini pansi. "Khalani pansi, Make Chisomo. Palibe amene wanena za mankhwala."

"Ndiye bwanji simukubwera? Ndakulakwirani chiyani?"

Anayang'ana zala zawo. Kenako anati, "Sindinakuthaweni inu. Koma ndikalowa m'nyumba mwathu muja, pachifuwa panga pamakhala ngati pakhala munthu. Loweruka ndiye ndimachita kusowa kothawira. Zaka zonsezi ndimati ndinene, koma ndikaona mmene mumagwadira pansi paja, thukuta lili kamukamu, ndimati ndiyambira pati?"

Ndinabwerera ku Mitundu pa njinga yamoto, ndipo sindikukumbuka njira. M'mutu munali phokoso lokhalokha. Nyumba ya alamu anga ndi ija ana awo ankatsekula m'mimba dzinja lililonse, ine n'kumawatumizira klorini. Lero nyumba imeneyo ndiyo ikuchiza mwamuna wanga, yanga yowala ija ndiyo ikumubanikitsa? Ndiye ukhondo ndi chiyani? Ndinalira ndi mkwiyo, koma wokwiyira sindinkamudziwa.

M'mawa mwake ndinawafotokozera Mayi Mwale, manyazi ndinawaika pambali. Sanandiseke. Anati iwo si dokotala, ndipite ndi bambo anu kuchipatala ndipo ndikanene zonse zimene ndimagwiritsa ntchito. Tinapitadi. Dokotala atawayeza anati mapapo awo ndi otopa, ndipo fumbi la fodya la zaka zambiri limachita zimenezo, utsi wa nkhuni nawonso. Kenako anafunsa za kunyumba. Ndinafotokoza makandulo, parafini, klorini, mazenera otseka. Anasiya kulemba, nandiyang'ana.

"Mayi, zimenezo musiye lero lomwe."

"Ndiye kuti ndine ndawadwalitsa?"

"Zimenezo sindinganene. Chifuwa chinayamba kale. Koma munthu wa mapapo otere safunika kupuma zinthu zoterozo."

"Koma zikanakhala kuti sindinkapaka, bwenzi ali bwino?"

"Mayi, sindinganene."

Ndinkafuna andiuze chimodzi, inde kapena ayi, kuti ndidziwe pogwira. Sanandipatse. Titatuluka, bambo anu anabwerera kwa mlongo wawo.

Kusiya kupaka kokha sikukanakwanira, chifukwa polishi wa zaka zonsezo anali atakhuthala pansi, ndipo kukatentha fungo linkadzuka lokha. Panafunika kupala. Muziganize bwino zimenezi. Kupala kunali kuuza mudzi wonse kuti a Naphiri ananena zoona, kuti chimene chinkamuthamangitsa mwamuna wanga chinali m'manja mwanga. Kunalinso kuuza azimayi onse amene ndinawaphunzitsa kusungunula makandulo kuti mphunzitsi wawo sankadziwa kanthu. Ndinazengereza masiku. Tsiku lina ndinkati ndipala, mawa lake ndinkati dokotala uja sananene kuti ndine. Chimene chinandigonjetsa ndi mpando wa bambo anu pabalaza, umene ndinkaupukuta tsiku lililonse popanda wokhalapo.

Ndinapempha tchuthi. Masiku anayi ndinagwada ndi madzi otentha, sopo, mchenga wa kudambo ndi chimpeni chakale. Madzi ofiira ankayenderera mpaka pabwalo, anthu odutsa n'kumaima. Mayi wina woyandikana nafe anasuzumira pazenera, limene tsopano linali lotsegula, nati, "A Nachisale, mwapenga kodi?" Ndinati, "Kaya." Ndipo sikunali kumuyankha mwano, ndinkanena zoona. Nditamaliza, pansi panali potuwa, pa mawangamawanga, ponyansa kuposa tsiku limene amisiri anachoka.

Ndinatumiza uthenga. Bambo anu anabwera Lamulungu masana, amalume atawaperekeza. Analowa, anakhala pampando wawo, anakoka mpweya kawiri katatu, nati, "Muli tiyi?" Basi, nkhani inathera pomwepo. Chifuwa chinachepa ndithu, koma sichinathe. Ndipo ngakhale kuchepako sindikudziwa chinachititsa n'chiyani, chifukwa sabata yomweyo mvula inayamba, fumbi la pamsewu linagona, komanso anali atayamba mankhwala opopera m'kamwa amene anawapatsa kuchipatala. A Naphiri ankati ndi kupala kuja. Amalume ankati ndi mankhwala. Ine ndinkangoyang'ana.

Chaka chimene ndinapuma pantchito

Tinakhala nawo madzinja ena awiri. Ndinapuma pantchito maondo atayamba kukana, ndipo miyezi yomweyo bambo anu anayamba kufooka. Kuchipatala tinapita kangapo, mpaka anatiuza kuti tizingowasamalira kunyumba. Ankakonda kugona pamkeka pabalaza, pafupi ndi khomo, kuti aziona anthu odutsa.

Masana ena ndikuwamwetsa phala anayendetsa dzanja pa simenti yotuwa ija, nati, "Make Chisomo, pansi pano ndinakuwonongerani ndine."

"Musayambe zimenezo. Imwani."

"Ayi, ndimvereni. Inu munali ndi chinthu chimodzi chimene anthu ankakutamani nacho, ndipo munachipala chifukwa cha ine. Tsono tsiku langa likafika, kudzabwera anthu ambiri, a kwathu, a kumpingo, a kuesiteti. Sindikufuna adzanene kuti nyumba ya Nachisale inasanduka chonchi. Mudzapake. Padzawale ngati kale." Anaseka pang'ono, kuseka kothera m'chifuwa. "Tsiku limenelo sizidzandibanikitsanso."

Ndinati, "Ndamva." Sindinati inde, sindinati ayi, koma iwo anatenga kuti ndavomera, ndipo ine ndinawasiya atenge choncho.

Anatisiya patapita masabata atatu. Inu munali musanafike kuchokera kutauni, choncho izi simukuzidziwa. M'mawa wa maliro, thupi lisanabwere m'nyumba kuchokera kunyumba ya chisoni kumene tinakalisungitsa, ndinapita kuseri ndekha. Ndinayatsa mbaula, ndinathyola makandulo m'chitini, botolo la parafini lili pambali. Makandulo anayamba kusungunuka. Ndiye ndinamva nyimbo kumsewu, amayi a kumpingo akubwera. Ndinasuzumira. Kutsogolo kunali agogo ena a ndodo amene amatsokomola chaka chonse, pambuyo pawo azimayi atatu ali ndi makanda kumsana. Onsewo ankabwera kudzakhala pansi pabalaza panga, mothithikana, masiku awiri.

Ndinaima ndi chitini m'manja mpaka chinayamba kunditentha. Mwamuna wanga anandipempha chinthu chimodzi chokha pa moyo wake wonse. Koma makanda aja sanandipemphe kanthu, ndipo dokotala uja sanandiuze inde kapena ayi.

Ndinakhuthulira makandulo aja kudzala. Ndinatunga madzi, ndinakolopa ndi sopo, ndinatsegula mazenera onse. Anthu analowa, anakhala. Masana ndinamva mayi wina kumbuyo kwanga akunong'oneza mnzake kuti, "Koma nyumba ino kale inkawala, yatha bwanji chonchi?" Ndinaweramitsa mutu, anthu n'kumati ndikulira maliro. Ndinkaliradi maliro, koma ndinkaliranso kuti bambo anu agona pakati pa chipinda, pa simenti yotuwa, ndipo chimene anandipempha sindinawachitire.